KODI MLIMI AGULE GALIMOTO YAKALE YA 4x4?

Nyengo ya malonda ikafika, alimi atagulitsa cimanga, nshawa, soya, thonje ndi fodya, m'midzi yambiri ya kuno kum'mawa mumamveka nkhani ya magalimoto. Mlimi amene wagwira bwino nchito yace amaona ndalama zambiri m'manja nthawi imodzi, ndipo amakumbukira mabvuto a m'dzinja: feteleza amene anacedwa kufika cifukwa Canter inakana kulowa mu mseu wa kumudzi, wodwala amene ananyamulidwa pa ngolo usiku, matimati amene anaolera kudimba kusowa conyamulira. Tsono wina akabwera ndi mau akuti ku Chipata kapena ku Lusaka kuli Land Cruiser yogulitsa pa mtengo wabwino, mtima umathamanga.

Pa tsamba lino tifuna kuthandiza awerengi athu kuganiza bwino asanatulutse ndalama. Galimoto yatsopano ya mtundu umenewu alimi ambiri sangaikwanitse, cotero imene tikunena pano ndi yakale, imene yapita kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Galimoto yotere ikhoza kukweza banja. Ikhozanso kumaliza ng'ombe zonse za m'khola pa zaka ziwiri cabe. Mlimi ayenera kudzifunsa mafunso anai: Kodi ndikuifuniranji? Kodi idzadya ndalama zingati pa caka? Kodi ili ndi moyo? Kodi mapepala ace ndi oona?

KODI 4x4 N'CIANI?

Galimoto wamba imakokedwa ndi mawilo awiri okha. Awiri enawo amangotsatira. Mawilo okokawo akalowa m'matope kapena mu mcenga amangozungulira pamodzimodzi, galimoto osasuntha. Mu galimoto ya 4x4 mphamvu ya injini imafika ku mawilo onse anai, kotero kuti akumbuyo akaterera, akutsogolo amakoka. Kuti zimenezi zitheke, pansi pace pali zitsulo zambiri kuposa za galimoto wamba: pali giyabokosi yaciwiri yaing'ono yogawa mphamvu, mashafuti awiri, ndi madifu awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo.

Mwa magalimoto akale ambiri, pafupi ndi giya yaikuru pali kagiya kena kakafupi. Pa 2H galimoto ikukoka ndi mawilo akumbuyo okha, ndipo ndiyo giya ya pa tara. Pa 4H ikukoka ndi onse anai, monga pa mseu woterera. Pa 4L ikukoka ndi onse anai, koma pang'onopang'ono ndi mphamvu yaikuru, monga pokwera citunda ndi katundu kapena potuluka m'mfuleni. Ena ali ndi mahabu pakati pa mawilo akutsogolo, amene amapotokoledwa ndi dzanja kucoka pa FREE kupita pa LOCK. Magalimoto a mtundu umenewu sayenera kuyenda pa tara ali pa 4H kapena 4L, cifukwa pokhota mawilo akutsogolo amayenda mtunda wosiyana ndi akumbuyo, ndipo pa mseu wouma zitsulo zimapanikizika mpaka kuthyoka. Koma Land Rover Defender inapangidwa mwa njira yina: imakoka ndi mawilo onse anai nthawi zonse.

Apa tiphunzirapo ciani? Zitsulo zikacuruka, zoonongeka zimacurukanso, kulemera kumacuruka, ndipo mafuta amapita ambiri. Munthu wogula 4x4 amalipira mphamvu imeneyo tsiku liri lonse, ngakhale tsiku limene sakuigwiritsa nchito. Dziwaninso kuti 4x4 si bwato. Mtsinje wodzala umaikokolola monga galimoto iri yonse, ndipo madzi akalowa mu injini kupyolera ku paipi yokokera mpweya, injiniyo imafa nthawi yomweyo.

FUNSO LOYAMBA: MUKUIFUNIRANJI?

Yambani ndi mseu wa kwanu. Mlimi wokhala pafupi ndi Great East Road, kapena pafupi ndi tara ya ku Lundazi kapena ya ku Mfuwe, amene kwao galimoto iri yonse imafika caka conse, safunika 4x4. Pikapu wamba yokoka ndi mawilo awiri imanyamula katundu yemweyo, imagulidwa mochipa ndipo imamwa mafuta ocepa. Koma pali midzi ya kuseri kwa madambo ndi mitsinje yopanda milato, ndi ya ku cigwa ca Luangwa kumene dothi lakuda limagwira mawilo ngati ulimbo kuyambira December kufikira April. Kumeneko 4x4 iri ndi nchito yeniyeni.

Caciwiri, werengani maulendo anu. Mbeu zambiri zimagulitsidwa m'cilimwe, miseu itauma, nthawi imene Canter yaganyu ikhoza kufika pakhomo. Nanga m'dzinja muli ndi ciani conyamula? Mlimi wa dimba amene amatumiza matimati, kabichi ndi anyezi ku msika sabata iri yonse, mwini cigayo amene amafuna dizilo, mwini golosale, woweta nkhuku amene amagula cakudya cao ku tauni, anthu otere ali ndi katundu caka conse. Koma mlimi wa cimanga cokha ali ndi katundu miyezi iwiri kapena itatu cabe.

Cacitatu, funsani mtima wanu moona. Ambiri amagula galimoto kuti anthu a pamudzi aone kuti uje walemera. Ulemu umenewo sukhalitsa. Galimoto ikakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwace, omwe aja anaomba m'manja ndiwo ayamba kuseka.

FUNSO LACIWIRI: IDZADYA ZINGATI PA CAKA?

Mtengo wogulira ndi ciyambi cabe. Galimoto imadya ngakhale itaima. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ndalama zimene tilemba apa ndi zongoyerekezera kuti njira ya kawerengedwe ioneke. Inu muikepo mitengo yeniyeni ya kwanu ya tsiku limene mukuwerenga.

Tiyerekeze kuti mlimi wagula pikapu yakale ya 4x4 pa K150,000, ndipo ayembekeza kuigwiritsa nchito zaka 5 ndi kuigulitsa pa K50,000. Ndiye kuti mtengo wace ukutsika ndi K20,000 caka ciri conse. Tiikepo K25,000 ya masipeya, matayala, batire, oilo ndi malipiro a makanika. Tiikenso K5,000 ya msonkho wa mseu, fitinesi ndi inshuwalansi. Zonse pamodzi ndi K50,000 pa caka, mafuta asanathiridwe.

Tsono tinene kuti kucokera pamudzi kufika ku msika kapena ku depoti ya FRA ndi makilomita 40, kupita ndi kubwera 80. Galimoto yotere ikamayenda makilomita 8 pa lita imodzi ya dizilo, ulendowo udzatenga malita 10. Lita ikakhala K30, mafuta ndi K300. Pikapu ya mtundu umenewu imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogramu 50.

Mlimi woyamba wakolola matumba 200. Amenewo ndi maulendo 10. Tionjezepo maulendo ena 10 a feteleza, mbeu, cipatala ndi maliro. Pa caka wayenda maulendo 20. Tikagawa K50,000 ija pa maulendo 20, uli wonse watenga K2,500, ndipo kuphatikiza mafuta ndi K2,800. Ulendo wonyamula matumba 20 wadyera thumba liri lonse K140.

Mlimi waciwiri ali ndi dimba ndi golosale, ndiponso amanyamulira anzace katundu. Pa caka wayenda maulendo 200. Kwa iye ulendo uli wonse watenga K250, kuphatikiza mafuta ndi K550, ndipo thumba limodzi ladya K27.50. N'zoona kuti galimoto yoyenda kwambiri imaonongekanso kwambiri, koma ngakhale ndalama zokonzera zitawirikiza kawiri, thumba silifika K34.

Galimoto ndi imodzimodzi, mseu ndi umodzimodzi, koma woyamba akulipira kasanu kuposa waciwiri. Tsono funsani eni ma Canter a kwanu kuti amalipiritsa zingati pa thumba, mulinganize ndi ciwerengero canu. Ngati ganyu ndi yochipa, yankho mwalipeza kale.

Amene aganiza zobweza ndalama mwa kunyamula anthu kapena katundu wa ena molipiritsa adziwe kuti nchito imeneyo iri ndi malamulo ace. Pafunika cilolezo ca ku Road Transport and Safety Agency, imene timaicha RTSA, laisensi yoyenera ya dalaivala, ndi inshuwalansi yogwirizana ndi nchitoyo. Kudzaza anthu pamwamba pa matumba kwaphetsa ambiri.

MITUNDU IMENE IMAPEZEKA

Land Rover inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, ndipo akuluakulu akumbukira kuti ndiyo inali galimoto ya Boma, ya amishoni ndi ya apolisi. Dzina la Defender linabwera mu 1990, ndipo Defender yakaleyo analeka kuipanga mu January 2016. Imayenda bwino pa malo oipa ndipo ndi yosabvuta kumasula, koma imafuna mwini wokonda sipanala, pakuti kudontha oilo ndi tizinthu tina ting'onoting'ono sizikutha. Bodi lace lalikuru ndi la aluminiyamu, losacita dzimbiri, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amanyengeka: kunja kuli bwino pamene chasisi cacitsulo catha pansi.

Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene muli mapikapu ochedwa 75 ndi 79, inayamba mu 1984. Ambiri a iwo ali ndi injini ya dizilo ya 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, imene inatuluka mu 1990. Injini imeneyi siithamanga kwambiri, koma ndi yolimba, ndipo amakanika ambiri amaidziwa. Cifukwa ca mbiri yaceyo, ngakhale yotopa imagulitsidwa pa mtengo wokwera. Kumbukirani kuti ambiri mwa magalimoto amenewa anagwira nchito yakalavulagaga ku migodi, m'mafamu ndi m'nkhalango asanafike kwa inu.

Toyota Hilux inayamba mu 1968, ndipo ya 4x4 inabwera mu 1979. Ndi yopepuka kuposa Land Cruiser, imamwa mafuta ocepa, ndipo masipeya ace ndi osabvuta kupeza. Palinso Isuzu KB ndi Nissan Hardbody za 4x4, zimene zimagwira nchito yomweyo.

Ndiye pali magalimoto otseka, monga Prado, Hilux Surf ndi Mitsubishi Pajero, imene inayamba mu 1982 ndipo analeka kuipanga mu 2021. Ambiri a iwo analowa m'dziko muno ali ogwiritsidwa kale nchito ku Japan. Ndi okoma kukhalamo, koma anapangidwira kunyamula anthu. Simungaikemo matumba 20, kapena nkhumba, kapena migolo ya dizilo. Injini zina za dizilo za magalimoto amenewa zimang'ambika mutu zikangotentha kwambiri.

Pali kusiyana kwina kumene mlimi wakumudzi ayenera kukudziwa. Injini zakale za dizilo ziri ndi pampu wamba, amene makanika wa pa boma akhoza kumukonza. Injini zatsopanopo, monga D-4D ya Toyota kapena Td5 ya Land Rover, zimayendetsedwa ndi kompyuta. Ziri ndi mphamvu ndipo sizimwa mafuta ambiri, koma sizipirira dizilo wakuda kapena wa madzi, monga amene nthawi zina amagulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa mseu, ndipo zikadwala zimafuna makanika wokhala ndi makina opimira. Musanasankhe mtundu, pitani ku masitolo a masipeya a ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, kumene kuli pafupi ndi inu. Funsani mtengo wa kilachi, mabuleki, pampu ya madzi, mafyuluta ndi tayala limodzi. Ngati wa m'sitolo ayankha kuti zimenezo n'zoitanitsa ku Lusaka kapena kunja, dziwani kuti galimoto yanu idzakhala masabata ikudikira kacitsulo kamodzi.

FUNSO LACITATU: KODI IRI NDI MOYO?

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yatsopano ndi mipando yokongola n'zochipa, ndipo wogulitsa wocenjera amayambira pamenepo. Musapite nokha. Tengani makanika amene mumamkhulupirira, amene mwamsankha inu ndi kumlipira inu, osati bwenzi la wogulitsa. Pitani masana, pa malo ouma pamene mungalowe pansi pa galimoto, mutanyamula toci ndi kanyundo kakang'ono.

1. Chasisi. Izi ndi zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula galimoto yonse. Gogodani ndi nyundo kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Citsulo cabwino cimalira mwamphamvu, codyeka cimalira mofowoka ndipo cimagwetsa makoko a dzimbiri. Yang'anitsitsani pamene pagwira masipiring'i ndi pansi pa bodi lakumbuyo, pakuti feteleza wotayika amadya citsulo. Funani ming'alu, zigamba zowocherera, ndi phula kapena penti yakuda yopakidwa posacedwa. Magalimoto ocokera ku maiko ozizira, kumene amathira mcere pa mseu nthawi ya cisanu, amadwala kwambiri nthenda imeneyi. Injini ikhoza kusinthidwa, koma chasisi cothyoka kapena copindika ndi cifukwa cokwanira cobwerera kwanu.

2. Kuliza injini itazizira. Panganani ndi wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo poyamba gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, dziwani kuti mwina pali cobisika, cifukwa injini yotopa imabvuta kulira m'mawa koma imalira msanga ikatentha. Ikalira, kanyali kofiira ka oilo kazime nthawi yomweyo.

3. Utsi. Kautsi pang'ono polira si kanthu. Koma utsi wabuluu wosatha utanthauza kuti injini ikutentha oilo. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itafunda utanthauza kuti madzi akulowa kumene safunika, kapena dizilo sakupsa bwino. Utsi wakuda wambiri umacokera ku pampu, ku manozo kapena ku fyuluta ya mpweya yotsekeka ndi pfumbi.

4. Oilo ndi madzi. Tsegulani cibvundikiro cothirira oilo. Mukapeza zoyera zonga mkaka wosasa, madzi asakanizika ndi oilo, ndipo gasiketi kapena mutu wa injini waonongeka. Injini ikulira, tsegulaninso pomwepo: ngati pakutuluka utsi wambiri mopemerera, injini yatha m'kati. Radiyeta itseguleni injini isanatenthe, pakuti madzi otentha amapsereza nkhope. Madzi ace akhale opanda oilo ndi matope a dzimbiri, ndipo injini ikulira asamatuluke thobvu.

5. Pansi pa galimoto. Onani ngati mashafuti onse awiri alipo. Ena difu yakutsogolo ikafa amangocotsa shafuti yace, ndi kugulitsa galimoto yokoka ndi mawilo awiri pa mtengo wa 4x4. Gwedezani mashafuti ndi dzanja, asagwedere. Onani kudontha kwa oilo pa magiyabokosi, pa madifu ndi kuseri kwa mawilo. Makanika atsegule difu aone oilo wace. Akakhala woyererako, galimoto inaoloka madzi ndipo madziwo anatsalira m'kati. Werengani masipiring'i, muone ngati pali othyoka kapena omangidwa ndi waya.

6. Matayala. Matayala a magalimoto amenewa ndi okwera mtengo, ndipo kugula anai pamodzi kukhoza kumaliza ndalama za matumba ambiri. Tayala lodyeka mbali imodzi lisonyeza kuti miyendo ya galimoto siiri bwino. Pa mbali ya tayala pali manambala anai osonyeza sabata ndi caka cimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya caka ca 2019. Tayala lokalamba limang'ambika ndi kuphulika ngakhale mano ace akuoneka.

7. Makilomita. Musakhulupirire manambala a pa mita okha, cifukwa amabwezedwa. Linganizani ndi zina. Mita ikasonyeza mtunda wocepa, koma mphira za popondera zatha, ciongolero casalala ndipo mpando wa dalaivala wabooka, mita ikunama. Funsani buku la sevisi kapena malisiti. Galimoto yoyenda mtunda wautali koma yosinthidwa oilo pa nthawi yace iposa yoyenda pang'ono yosasamalidwa.

KUIYESA PA MSEU

Kuzungulira bwalo kamodzi si kuyesa. Yendani theka la ora kapena kuposa, pa tara ndi pa mseu wa dothi, ndipo ngati n'kotheka muikemo katundu. Zimitsani wailesi, muchere khutu.

Kwerani citunda cacitali maso ali pa singano ya kutentha. Singanoyo ikamakwera, galimotoyo iri ndi bvuto limene lapha injini zambiri kuno kwathu, makamaka mu October. Lowetsani magiya onse, ndi yobwerera m'mbuyo yomwe. Giya isalire polowa, ndiponso isatuluke yokha mukacotsa phazi pa mafuta. Poyesa kilachi, ikani giya yapamwamba galimoto ikuyenda pang'ono, ndipo pondani mafuta. Injini ikakweza mau koma galimoto osaonjeza liwiro, kilachi yatha. Kulira kwa m'mbuyo konga mluzu, kumene kumakula ndi liwiro, n'kwa difu. Ciongolero cisakhale ndi mpata waukuru, cisanjenjemere, ndipo poponda mabuleki galimoto isakokere mbali imodzi.

Pa mseu wa dothi tsekani mahabu, lowetsani 4H, pambuyo pace 4L. Giyazo zilowe ndi kutuluka bwino. Khotani kwambiri kumanzere ndi kumanja pang'onopang'ono. Mukamva kuti kha-kha-kha kutsogolo, mfundo za mawilo akutsogolo zatha. Pezani malo a mcenga kapena kacitunda koterera, mnzanu aime panja aone ndi maso ace kuti mawilo akutsogolo akukokadi. Wogulitsa akakana kuti muyese 4x4, akunena yekha kuti siigwira nchito.

Pomaliza, makanika alembe zonse zofunika kukonza pamodzi ndi mitengo yace. Pepala limenelo ndilo mukambirane nalo mtengo.

FUNSO LACINAI: MAPEPALA

Galimoto yabwino ya mapepala oipa ndi tsoka loposa galimoto yakufa, cifukwa apolisi akaigwira mumataya galimoto ndi ndalama zomwe, mwinanso n'kugona m'citokosi.

Pemphani White Book yeniyeni, osati cithunzi cace. Werengani nambala ya chasisi ndi ya injini pa galimoto penipeni, mulinganize ndi za m'buku, cilembo ndi cilembo. Manambala okhulidwa kapena odindidwanso ndi cizindikiro coipa. Dzina la m'buku likhale la munthu amene akukugulitsani, ndipo muone reji yace. Akanena kuti ndi ya mbale wace amene ali kutali, dikirani mwini wace abwere. Onaninso ngati m'bukumo mulibe dzina la banki kapena kampani ya ngongole, pakuti galimoto yokhala pa cikole siingagulitsidwe ngongole isanathe.

Ife a kuno tiri pafupi ndi malire a Mwami, Chanida ndi Lusuntha, cotero magalimoto a manambala a maiko ena timawaona kawirikawiri. Galimoto yolowa m'dziko ndi cilolezo ca mlendo siiri yoti igulitsidwe msonkho wace usanalipidwe ku Zambia Revenue Authority. Mtengo wace ukhoza kuoneka wochipa, koma msonkhowo udzagwera inu, kapena galimoto idzalandidwa. Pitani pamodzi ndi wogulitsa kwa apolisi kuti aone ngati galimotoyo siinabedwe, lembani kalata ya malonda pamaso pa mboni, ndipo sinthani dzina ku RTSA mosacedwa. Funsaninso ngati pali msonkho wa mseu wotsalira. Musapereke ndalama zonse zimenezi zisanacitike, ndiponso musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangoona zithunzi za galimoto yace. Safunsa anadya phula.

MUKAGULA

Musathere ndalama zonse pa kugula. Sungani gawo limodzi mwa magawo anai, cifukwa galimoto yakale iri yonse imaonetsa matenda ace m'miyezi yoyamba. Sinthani oilo wa injini, wa magiyabokosi ndi wa madifu, pamodzi ndi mafyuluta onse, ngakhale wogulitsa alumbire kuti anasintha dzulo. Injini zambiri za dizilo za Toyota ziri ndi lamba wa taimingi, amene pa injini zakale amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000. Lambayo akaduka galimoto ikuyenda, injini imaonongeka m'kati. Ngati palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, msintheni. M'mawa uli wonse onani oilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala. Musapyole katundu wace, ndipo musabwereke aliyense wongoti amadziwa kuyendetsa.

AGULE NDANI, ALEKE NDANI?

Agule mlimi amene kwao mseu umatsekeka m'dzinja, amene ali ndi katundu wonyamula caka conse, amene ali ndi makanika ndi masipeya pafupi, ndipo akhoza kulipira galimoto ndalama za feteleza ndi za sukulu osazikhudza.

Aleke mlimi amene kuti agule ayenera kugulitsa ng'ombe zolimira, kapena kutenga kaloba, kapena kudya ndalama za mbeu za caka camawa. Ng'ombe zimalima, zimakoka ngolo, zimapereka manyowa ndipo zimabereka. Galimoto siibereka. Mlimi wotere acita bwino kukonza ngolo yace, kugula njinga yamoto ya maulendo a cangu, ndi kubwereka Canter pa nthawi yokolola. Ndalama zotsala akaziika ku dimba, ku mbuzi kapena ku nkhokwe yabwino, zidzabala, ndipo tsiku lina galimoto adzaigula wosabvutika.

Kwa amene ali m'makopaletivu pali njira yacitatu, yogula pamodzi. Galimoto imodzi ikamatumikira mabanja 20 kapena 30 imapeza maulendo okwanira, monga taonera m'ciwerengero cathu. Koma pakhale malamulo olembedwa: dalaivala mmodzi yekha, buku la maulendo ndi mafuta, ndiponso mtengo umene membala ali yense alipire, ngakhale wapampando yemwe. Popanda zimenezi galimoto ya onse imasanduka yopanda mwini.

Nkhaniyi ikambidwe m'nyumba, bambo ndi mai pamodzi, pakuti thukuta la m'munda linali la onse awiri. Khalani pansi ndi pepala ndi pensulo, muwerengere monga tacitira pano, ndipo mukaonetse ciwerengero canu kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Wogulitsa akamakufulumizani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, mlekeni agulitse kwa ameneyo. Magalimoto akale sadzatha pa msika, koma ndalama za zokolola zimabwera kamodzi pa caka.